Ndalama ya MRI yabwera, koma bondo la azakhali likufunika chithunzi chiti?

Azakhali anga sanena kuti bondo likupweteka. Amati "likulira". Akamadzuka pamkeka amayamba agwira khoma, kenako mumamva bondo lakumanja likukhukhuluza ngati chitseko cha mahinjesi adzimbiri, n'kuyamba kuyenda ngati aponda minga. Pofika pachitsime amakhala atawongoka. Madzulo akachokera kudimba bondolo limakhala litafufuma, ndipo kugwada popereka madzi kwa alendo anasiya kalekale. Papita zaka 4 zili choncho. Mphini anatemera kawiri, mabotolo a mafuta opaka ali mbwee pazenera.

Mwana wawo amene ali ku Johannesburg atamva kuti zikukula, anatumiza ndalama pamodzi ndi mawu pa WhatsApp: "Asuweni, muwaperekeze amayi akajambulidwe MRI. Za ekisireyi ndi zachikale."

Msuweni wangayu sanalakwitse zonse. MRI imaonadi zambiri kuposa ekisireyi. Kungoti pa bondo la nyamakazi, makina oona zambiri ndi makina othandiza wodwala nthawi zambiri sakhala amodzi. Njira zoonera fupa la bondo zilipo zingapo, iliyonse ili ndi funso limene imaliyankha bwino ndi mafunso ena amene imangosokoneza.

Zimene zimachitika m'fupamo

Mukamadya nkhuku, yang'anani kunsonga kwa fupa la ntchafu. Pali kachikuto koyera, koterera, kamene ana amakonda kukukuta. Madokotala amakatcha cartilage. M'bondo la munthu chikutochi n'chochindikala mamilimita 2 mpaka 4 basi, ndipo mulibe mitsempha ya magazi kapena yomvera ululu. Chikamatha, ululu suchokera m'chikutomo. Umachokera m'fupa la pansi pake, m'kathumba kokuta bondo ndi m'minyewa yozungulira.

N'chifukwa chake nyamakazi ya mtundu uwu, imene kuchipatala amati osteoarthritis, ndi matenda a fupanso. Kale mu 1972 dokotala wa mafupa wa ku America, Eric Radin, ankanena kuti fupa la pansi pa chikuto likauma gwa limasiya kufewetsa kugunda kwa phazi, ndiye chikuto chimatsala pakati pa nyundo ndi mwala. Munthu akamayenda, bondo limasenza kulemera kwa thupi lake kawiri kapena katatu pa kuponda kulikonse, ndipo katundu wambiri amagwera mbali yamkati, kumene mawondo amayang'anizana. Fupa silingokhala chete. M'mphepete mwa mfundo mumaphuka timafupa ngati milomo yotukuka. Pansi pa chikuto fupa limachindikala, pachithunzi n'kumaoneka loyera mbee, ngakhale kuti fupa lomangidwa mothamanga chonchi silikhala lokhwima bwino. Mkati mwake mumatha kubooka timabowo tokhala ndi madzi. M'mafuta a m'fupa mumabwera mabala. Pamapeto pake nsonga ya fupa imadyeka n'kuphwathalala, mwendo n'kupindika kukhala wa matewe.

Si azakhali okha. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo 365 miliyoni mwa iwo linali bondo. Onsewa sangalowe mu MRI, ndipo ambiri safunikira n'komwe.

Manja ndi makutu a dokotala

Njira yoyamba ilibe makina, ndipo ambiri saiwerengera. Munthu akatuluka kwa dokotala osajambulidwa amati, "Angondigwiragwira basi, sanandiyeze." Komatu ku Britain, kumene makina ali ponseponse, bungwe la NICE lopereka malangizo kwa madokotala linanena mu 2022 kuti munthu wa zaka 45 kapena kuposerapo, amene bondo limamupweteka akamaligwiritsa ntchito, ndipo m'mawa likauma limamasuka pasanathe mphindi 30, angauzidwe kuti ali ndi osteoarthritis popanda kumujambula. Azakhali akukwanira ndendende m'mawu amenewa.

Wodziwa ntchito amayamba kukuyezani mukungolowa pakhomo: mayendedwe anu, mmene mwakhalira pampando, mwendo ngati wapindika. Amasindikiza chala mumzere umene mafupa amakumanirana kuti amve pamene mukuti "mayo". Amaika chikhatho pabondo inu mukupinda, kukhukhuluza kuja n'kukumva ndi dzanja. Amakankha uku ndi uku kuona ngati muli madzi. Wosamala amazunguzanso chiuno, chifukwa chiuno chodwala chimatha kutumiza ululu kubondo, munthu n'kutha zaka akupaka mafuta malo olakwika. M'zipatala zathu za m'maboma ntchito imeneyi amaigwira kwambiri ndi ma clinical officer a mafupa, amene maphunziro awo anayamba m'Malawi muno mu 1985, ndipo manja awo agwira mawondo ambirimbiri.

Manja saona mkati mwa fupa, n'zoona. Koma ndi amene amasankha ngati kujambula kukufunika. Bondo limene latupa mwadzidzidzi, lotentha, mwini wake akumva malungo; ululu umene suleka ngakhale usiku mutagona; kuonda popanda chifukwa; kuuma kwa m'mawa kofika maola; bondo loyamba kuvuta pambuyo pa kugwa; kapena zonsezi mwa munthu wa zaka 25. Apa dokotala saganizanso za ukalamba. Amaganiza za mafinya m'mfundo, TB ya mafupa imene kwathu kuno si yachilendo, nyamakazi zamitundu ina, kapena chotupa. Pamenepa m'pamene makina amalowerera mwachangu.

Ekisireyi, makamaka ya choimirira

Azakhali anali atajambulidwapo kale pachipatala china zaka 2 m'mbuyomo. Anawagoneka chagada pabedi, kuwajambula, n'kuwauza kuti mpata wa m'bondo uli bwinobwino. Anabwerera kumudzi atakhumudwa, akuona ngati awatenga ngati munthu wongodandaula. Ulendo uno wojambula anawauza kuti, "Amayi, imirirani apa. Mapazi onse aponde pansi, mupinde mawondo pang'ono ngati mukufuna kukhala pampando." Chithunzi chitatuluka, mbali yamkati ya bondo lakumanja mafupa anali atatsala pang'ono kukhudzana. Mwina matenda anakula pa zaka ziwirizo. Koma kaimidwe kokha kangathe kusintha chithunzi motero.

Chifukwa chake n'chosavuta. Chikuto chija sichioneka pa ekisireyi. Chimene timaona ndi mpata wakuda pakati pa fupa la ntchafu ndi la msongolo, ndiye timangoyerekeza kuti chikuto n'chochindikala ngati mpatawo. Munthu akagona, mafupa amatalikirana okha, mpata n'kuoneka waukulu ngakhale chikuto chitatha. Akaimirira, thupi limatsendereza mafupa ndipo zoona zimatuluka. Sven Ahlbäck wa ku Sweden anasonyeza zimenezi mu 1968. Mu 1988 Thomas Rosenberg ndi anzake anaonjezera kuti mawondo akapindidwa madigiri 45, kutha kwa chikuto kumaoneka bwino koposa, popeza malo amene amayamba kudyeka amakhala chakumbuyo pang'ono, pamene mafupa amagundana bondo likapinda. Palinso chithunzi chachitatu chojambulira kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo, chimene amati skyline. Ngati ululu wanu umabwera potsika chitunda, ponjuta pachimbudzi chokumba kapena podzuka pansi, vuto likhoza kukhala kuseri kwa kafupa kameneka, ndipo chithunzi cha kutsogolo chokha sichingalione.

Kotero musanafunse za makina ena, funsani kaye ngati ekisireyi yanu inajambulidwa mutaimirira. Funso laling'ono limeneli limapulumutsa ndalama zambiri.

Pa lipoti mumatha kuona atalemba "KL 2" kapena "grade 3". Ndi muyezo umene Jonas Kellgren ndi John Lawrence a ku Manchester anakonza mu 1957, ndipo ukugwirabe ntchito mpaka lero. Pa 0 palibe chooneka. Pa 1 wowerenga akukayikira, mwina pali kamlomo kakang'ono. Pa 2 timafupa ta m'mphepete tikuoneka mosakayikitsa, ndipo apa m'pamene ofufuza amayambira kuwerengera kuti matenda alipo. Pa 3 mpata wachepa moonekeratu, fupa layamba kuyera. Pa 4 mpata watsala pang'ono kutheratu kapena watha, timafupa takula, nsonga za mafupa zasintha maonekedwe. La azakhali analiika pa 3.

Ubwino wa ekisireyi ndi woti imaona fupa lenilenilo: milomo ija, kuyera kuja, timabowo, kudyeka. Imapezeka m'zipatala zambiri, imatenga mphindi zochepa, ndipo cheza chimene chimalowa m'thupi pojambula bondo sichiposa chimene tonsefe timalandira kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga pa tsiku limodzi. Kwa amene akuganiziridwa opaleshoni pali chithunzi chachitali, chochokera m'chiuno kufika mu akakolo, chimene chimaonetsa kuti katundu wa thupi akudutsa pati m'bondo. Dokotala wofuna kuwongola fupa kapena kuika bondo lachitsulo amadalira chimenechi.

Zofooka zake nazo n'zazikulu. Imachedwa kuona, pamene mpata ukuoneka kuti wachepa, matenda amakhala atayamba kalekale. Ndi mthunzi chabe, zakutsogolo ndi zakumbuyo zimasanjikizana. Mpata umathanso kuchepa chifukwa kamtsamiro ka pakati pa mafupa, meniscus, katsetserekera pambali, chikuto chisanathe. Anthu awiri owerenga chithunzi chimodzi amatha kusiyana, wina kunena 1 wina 2. Mabala a m'mafuta a fupa siiwaona n'komwe.

Ndipo chachikulu n'chakuti chithunzi ndi ululu siziyendera limodzi nthawi zonse. Mu 2008 John Bedson ndi Peter Croft a ku Keele University anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti mwa anthu amene ekisireyi yawo inkaonetsa matendawa, omva ululu ankayambira pa 15 kufika 81 pa 100 alionse, kutengera kafukufuku wake. Kumudzi timawadziwa anthu otere: agogo a miyendo yopindika kwambiri amene akulimabe mizere yawo, ndi mayi wa zaka 50 wa chithunzi chooneka bwino amene sagona tulo. Amene adzaikidwe bondo lachitsulo ndi amene moyo wamuvuta, osati amene chithunzi chake chikuopsa.

MRI: diso lakuthwa limene limaona ndi zosafunika zomwe

MRI sigwiritsa ntchito cheza cha ekisireyi. Ndi maginito amphamvu. Mumagona, bondo amalitsekera m'kachibokosi, makina n'kumagogoda mwaphokoso kwa mphindi 20 mpaka 40, inu osagwedezeka. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda kapena tizitsulo tina m'thupi ayenera kunena asanalowe. M'Malawi makina oyamba a mtundu umenewu anafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo anabwera chifukwa cha ana odwala malungo a mu ubongo, osati mawondo a agogo. Mpaka pano MRI ndi ya m'mizinda ikuluikulu, mtengo wake umaposa wa ekisireyi kambirimbiri, osawerengera thiransipoti ndi pogona.

Chimene MRI yokha imaona bwino m'fupa ndi mabala aja a m'mafuta, amene pa lipoti amalemba bone marrow lesion kapena bone marrow oedema. Dzina lachiwirili limapusitsa, chifukwa limamveka ngati m'fupa mwangolowa madzi. Ofufuza a ku Zürich atadula mafupa otere mu 2000 n'kuwaika pa maikulosikopu, anapeza kuti madzi ndi ochepa. Mwa zolakwika zimene anapeza, zambiri zinali mafuta a fupa akufa, zipsera ndi timizati ta fupa towonongeka. Ndi malo amene fupa lakhala likupsinjika mopitirira. Mu 2001 David Felson ndi anzake ku Boston anapeza mabalawa m'mawondo pafupifupi 78 pa 100 alionse a odwala omva ululu, pamene mwa osamva ululu anali 30 pa 100. Kafukufuku wotsatira anaonetsanso kuti mbali ya bondo imene ili ndi bala lotere ndi imene chikuto chake chimatha msanga. Mabalawa amakula n'kuchepa pakapita miyezi, sakhala chimodzimodzi.

Mpaka apa msuweni wanga akuoneka kuti wapambana. Koma tamvani izi. Mu 2012 Ali Guermazi ndi anzake anajambula MRI anthu 710 a m'tauni ya Framingham ku America, onse opitirira zaka 50, onse ekisireyi yawo yosaonetsa matenda. Mwa anthu 100 alionse, 89 anapezeka ndi kenakake kolakwika m'bondo, ndipo ambiri mwa amene sankamva ululu uliwonse anali m'gulu lomwelo. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 2008, Martin Englund anali atapeza m'tauni yomweyo kuti mwa anthu amene kamtsamiro kawo kanali kong'ambika pa MRI, 61 pa 100 alionse sanamve ululu uliwonse mwezi wonse wapitawo. Bondo la munthu wa zaka 60 lili ngati nkhope yake: makwinya sangalephere. Mukalijambula ndi makina akuthwa mudzalandira lipoti la masamba awiri lodzaza mawu oopsa, ndipo palibe angakuuzeni motsimikiza kuti mwa zonsezo chikupweteka n'chiti. Ndaonapo munthu amene ankayenda bwinobwino atasiya kupita kumunda chifukwa chowerenga mawu akuti "tear" pa lipoti.

Funso lina n'lakuti, tikaliona balalo, tichita nalo chiyani? Ofufuza a ku Australia anayesa kupatsa odwala 223 okhala ndi mabala amenewa mankhwala olimbitsa mafupa a zoledronic acid kapena madzi wamba, n'kuwatsatira zaka 2. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti mankhwalawo sanateteze chikuto ndipo sanachepetse ululu. Ndiye kwa wodwala wamba, bala lioneke kapena lisaoneke, chithandizo n'chomwecho: kulimbitsa minofu ya ntchafu, kuchepetsa thupi ngati lili lolemera, ndodo, mankhwala opha ululu, ndipo zikakanika zonse, opaleshoni. Kumbukiraninso kuti mu MRI munthu amagona. Vuto lija la bedi labwereranso, pamtengo wokwera.

Sikuti MRI ilibe malo. Ilipo nthawi imene ndikanauza msuweni wanga kuti ndalamayo isachedwe. Mayi wachikulire amene bondo layamba kupweteka koopsa tsiku limodzi, osagwa, mpaka kulephera kuponda, ekisireyi n'kumaoneka yabwinobwino: pakhoza kukhala kamng'alu pansi penipeni pa chikuto, kamene ekisireyi imadzakaona fupa litafwamphuka kale. Munthu wa sickle cell, wakumwa mankhwala a steroid nthawi yaitali, wakumwa mowa kwambiri kapena amene ali ndi HIV, amene akuganiziridwa kuti mbali ya fupa ikufa chifukwa magazi sakufikako. Bondo limene limadzitsekera lokha osatheka kuwongoka. Wachinyamata wovulala pa mpira. Kukayikira chotupa kapena matenda olowa m'fupa. Apa MRI imasintha chochita, ndipo ekisireyi singaime m'malo mwake. Ofufuza nawonso amaidalira. Ali ndi miyezo yawo monga WORMS ya 2004 ndi MOAKS ya 2011 yowerengera bala lililonse, koma imeneyo ndi ya kafukufuku, si ya pamzere wa odwala.

Sikani ya jelo ija

Makina omwe aja amaonera mwana m'mimba mwa mayi woyembekezera amathanso kuikidwa pabondo. Alibe cheza, ndi otsika mtengo, ndipo yankho mumalimva pompo. Amaona madzi m'mfundo, kutupa kwa kathumba, chotupa chamadzi cha kuseri kwa bondo chimene amati Baker's cyst, ndi timafupa ta m'mphepete. Amathandizanso kulondolera singano pochotsa madzi kapena pobaya mankhwala. Koma mafunde ake akafika pafupa amabwerera, ndiye za mkati mwa fupa saonako kalikonse. Ndipo chithunzi chake chimakhala chabwino malinga ndi dzanja limene lagwira chipangizocho. Pa funso la fupa, sikaniyi ndi yongothandizira.

CT

Iyi ndi ekisireyi yozungulira thupi, imene kompyuta imaisanja n'kutulutsa fupa ngati buledi wodulidwadulidwa. Pa maonekedwe a fupa louma palibe yoiposa: timabowo tating'ono, milomo yobisika kumbuyo, tizidutswa ta fupa toyandama m'mfundo, mng'alu umene ekisireyi yaphonya munthu atagwa. Imatha m'mphindi zochepa, ndiye imathandiza amene sangalowe mu MRI. Cheza chake n'chochuluka kuposa cha ekisireyi wamba, mabala a m'mafuta siiwaona bwino, ndipo chikuto sichioneka pokhapokha atabaya mankhwala m'mfundo. M'zipatala zina zakunja muli CT yojambula munthu ataimirira, koma ndi yosowa. Kwenikweni CT ndi chida cha dokotala wa opaleshoni amene akufuna kudziwa kuti fupa latsala lochuluka bwanji asanaike chitsulo. Kungofuna kudziwa ngati muli ndi nyamakazi, n'kupha nyerere ndi nkhwangwa.

Ziwiri zimene mayina ake amasokoneza

Pali bone scan, pali DXA. Onse amamveka ngati "kuyeza mafupa", koma ntchito zake n'zosiyana.

Pa bone scan amakubayani mankhwala a technetium otulutsa cheza, mumadikira maola awiri kapena kuposerapo, kenako kamera imaonetsa malo amene fupa likudzimanga mothamanga. Paul Dieppe ndi anzake ku Bristol anasonyeza mu 1993 kuti mawondo owala pachithunzi chimenechi ndi amene anaipiraipira pa zaka 5 zotsatira, pamene osawala sanasinthe kwenikweni. Umenewu unali umboni wamphamvu wakuti fupa lili pakati pa nkhaniyi. Koma chilichonse chovutitsa fupa chimawala, kaya ndi mng'alu, mafinya kapena khansa, ndipo cheza chake chimaposa chimene munthu amalandira m'chilengedwe chaka chathunthu. Masiku ano amaigwiritsa ntchito kwambiri pofufuza khansa yofalikira m'mafupa kapena bondo lachitsulo limene layamba kugwedera.

DXA imayeza kupepuka kwa mafupa, matenda a osteoporosis, ndipo imajambula chiuno ndi msana. Nambala yake ikafika -2.5 kapena kutsika, malinga ndi muyezo wa WHO wa 1994, mafupa ndi osachedwa kuthyoka. Mayi amene anasiya kusamba angafunike kuyezedwa zimenezi pa zifukwa zake, koma za bondo lolira DXA sinena kanthu. Chodabwitsa n'chakuti nyamakazi ya msana imatha kukweza nambalayo monama, chifukwa makina amawerengera ndi timafupa tophuka tija.

Magazi, singano ndi kamera

Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa osteoarthritis. Dokotala akakutumizani ku labu, akufuna kuchotsa zokayikitsa zina monga nyamakazi zamitundu ina zotchedwa rheumatoid ndi gout, kapena tizilombo. Bondo lotentha ndi lotupa kwambiri, singano yokoka madzi imaposa makina onse amene tatchulawa: madzi oyera achikasu onanda amaloza ku nyamakazi wamba, amatope amaloza ku mafinya kapena gout, ndipo mafinya m'mfundo sadikira mawa.

Kamera yolowetsa m'bondo kudzera pa kabowo, arthroscopy, imaona chikuto maso ndi maso, koma ya pamwamba pokha. Za pansi pa chikuto siziona. Ndi opaleshoni, ili ndi zoopsa zake. Kale ankaigwiritsa ntchito kwambiri "kutsuka" mawondo a nyamakazi, mpaka mu 2002 Bruce Moseley ku Houston anagawa odwala 180 m'magulu. Ena anatsukidwa, ena anapalidwa, ena anangochekedwa pakhungu n'kusokedwa osalowetsa kanthu. Patapita zaka 2 magulu onse anali chimodzimodzi. Nditawafotokozera azakhali anaseka n'kunena kuti, "Ndiye azungu nawonso amatemera mphini?"

Kumene ndalama ija inapita

Tinakhala pansi ndi clinical officer, chithunzi cha choimirira chili pagalasi lowala. Ndinamufunsa za MRI monga ndinatumidwira. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, ikatuluka tidzachita chiyani chimene sitingachite lero?" Ndinasowa yankho. Zaka za azakhali, mmene ululu umabwerera, mpata wotsekeka mbali yamkati, zonse zinkanena chinthu chimodzi. Anatiuza kuti tsiku limene ululu udzasinthe khalidwe, kuyamba kuwadzutsa usiku kapena kuwaletsa kuponda mwadzidzidzi, tibwerere msanga ndipo nkhani ya makina ena idzayambiranso. Ngati zidzafike pa opaleshoni, kalata yopita kwa madokotala a mafupa ku Queen Elizabeth kapena ku chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe adzalemba, ndipo kumeneko adzasankha okha zithunzi zimene akufuna.

Msuweni wanga sanasangalale poyamba. Anati ndikuumira ndalama yake yomwe. Tinagwiritsa ntchito ina pa maulendo opita kwa a physiotherapy, amene anawaphunzitsa kuwongola mwendo atakhala pampando n'kuugwira m'mwamba akuwerenga mpaka 10. Ina tinalipira kalipentala kuti akhome kampando kachibowo ka kuchimbudzi kuti asamanjute. Ndodo anaikana milungu itatu, akuti sanakalambe, kenako anailandira. Amaigwira kudzanja lamanzere, mbali yosiyana ndi bondo lodwala, monga anawauzira. Za kuchepetsa thupi anamvetsera atauzidwa zimene Stephen Messier anapeza mu 2005, kuti kilogalamu imodzi yochoka pathupi imapeputsa bondo makilogalamu 4 pa kuponda kulikonse. Ndowa yapamutu anasiyira adzukulu.

Bondo likulirabe. Chithunzi chija tinachijambula pa foni n'kutumiza ku Johannesburg, ngakhale anatichenjeza kuti chithunzi cha pa WhatsApp sichiyezeka mpata, dokotala wotsatira adzafuna chenichenicho kuti ayerekeze ndi chatsopano chojambulidwa m'kaimidwe komweko. Ndiye envelopu yake yaikulu ija ili pansi pa matiresi a azakhali, pamodzi ndi buku la kuchipatala ndi makadi a mpingo. Pakona pake ndinalembapo tsiku, ndi mawu atatu: ataimirira, mawondo opinda.